Malo a Bihi pa Mwala Wofiira

Tawrirt, 9 Novembala 1994

Mwana wanga Yidir,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa iwe, pa mayi a Salwa ndi pa Salwa mdzukulu wanga. Amayi ako akupereka moni. Akulemba ndi mwalimu wa pamzikiti, Si Lmadani, koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza kuti asakometsere. Ndikamaliza andiwerengera, ndimve ngati ndine ndithu.

Muli bwanji ku Casablanca? Kuno mbuzi zili bwino. Balere tafesa m'fumbi poti mvula sinabwere. Ine ndinagwa mu mtengo waukulu wobereka mtedza, uja wa kumtsinje. Nthambi inali yofumbwa mkati, sikuti ndakalamba ayi. Fupa la ntchafu linathyoka. Anapita nane ku chipatala ku Marrakech, anandimanga chikhakha kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi, ndipo dokotala wati ndisaponde pansi mpaka mitengo ya amondi ichite maluwa.

Sindikulembera kuti undimvere chisoni. Ndikulembera za malo.

Lamulo lathu, ife obwereketsa matabwa otsetserekera pa chipale chofewa, ukulidziwa, koma popeza wakhalitsa m'tauni ndikukumbutse. Tsiku loyamba limene chipale chakwirira mwala wofiira, aliyense wokhala ndi malo amaima pamalo pake ndi matabwa ake, kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka kuitana kwa swala, pemphero la masana. Amaima ndi miyendo yake, mwini wake kapena mwana wake wamwamuna, popanda womugwirira. Wantchito saloledwa. Mkamwini saloledwa. Akapanda kuima, malo amapita kwa amene ali patsogolo pa odikira, ndipo sabwereranso. Chaka chino patsogolo pali Assu.

Malo athu ndi oyamba munthu akangotsika galimoto. Agogo ako anawapeza nthawi ya Afalansa, akunyamula katundu wa azungu pamsana. Ine ndinayamba kuimapo ndisanamere ndevu. Mafuta, shuga ndi mankhwala a amayi ako zimachokera pamenepo. Sukulu yako inachokera pamenepo.

Mwana wamwamuna ndili naye ndi iwe wekha. Bwera udzaime.

Bambo ako,
Bihi


Casablanca, 19 Novembala

Bambo okondedwa,

Moni kwa inu ndi kwa amayi. Ife tili bwino, Salwa wayamba kuwerenga yekha zikwangwani za mumsewu.

Kalata yanu yandiwawa mtima. Munagona m'chipatala ku Marrakech osandiuza? Mukanatuma munthu andiimbire lamya, ndikanafika tsiku lomwelo. Komanso Bambo, mtengo wa mtedza uja amayi anakuletsani kalekale.

Ndatumiza ndalama pa positi. Mugule mankhwala ndi nkhuni, zotsala mupatse munthu akaime pamalo paja. Ndamva kuti wantchito saloledwa, koma akuluakulu a gulu ndi anzanu a ubwana. Muwaphere mbuzi, adye, aone chikhakha chanu ndi maso awo. Lamulo limene munapanga nokha mungathe kulipinda nokha.

Ine kubwera n'kovuta. Chipale sichinena tsiku, ndipo ku kampani ya inshuwalansi sapereka tchuthi chopanda deti. Ndikapita kwa bwana n'kunena kuti ndikufuna kukadikira mitambo, adzandiyesa wamisala.

Palinso china. Kumapeto kwa Disembala, sukulu akatsekera, ine, Nezha ndi Salwa tikupita ku France, kumapiri a Alps. Anzanga a kuofesi amapitako chaka ndi chaka, ine ndekha ndiye ndimangomvera nkhani. Viza tinaivutikira, ndinaima pamzere mpaka mapazi kutupa. Salwa akufuna kuphunzira kutsetsereka, ndipo kumeneko chipale sichiphonya, chingwe chokwezera anthu paphiri sichiima pakati pa njira.

Ndikabwerako ndidzakuonani. Mwina nthawi yakwana yoti mupume, Bambo. Inu ndi amayi ndingathe kukusamalirani.

Mwana wanu,
Yidir


Tawrirt, 30 Novembala

Yidir,

Mtendere ukhale nawe. Chipepala chako cha ndalama chili mu envulopu yomweyi. Ndinapempha miyendo, iwe wanditumizira pepala. Pepala siliima pa chipale.

Wati ndiwaphere mbuzi. Lamulo limeneli linabwera anthu atatemana ndi mafosholo chifukwa cha malo, iwe usanabadwe. Chiyambire sitinalipindirepo munthu, wolemera kapena wosauka. Lero ndiyambe ine kupita kwa amuna anzanga ndi mwendo wa mbuzi m'manja?

Kalata yako anandiwerengera pakhomo, ndipo mudzi uno makutu ake ndi aatali. Dzulo amayi ako anandigoneka panja kuti ndiwothe dzuwa. Assu anadutsa atasenza matabwa ake, atawapaka phula mpaka kung'anima.

"Mtendere, a Bihi! Mwendo wa choko uja ukuti bwanji?"

"Ukulota ukukupondani pakhosi, a Assu."

"Ndamva kuti mwana wanu akukagula chipale ku France. Mumuuze atibweretsereko cha m'botolo, tione ngati chimaposa chathu."

"Mwana wanga akubwera."

"Aa, ndiye zili bwino. Koma ngati suti yake ikuopa kunyowa, musadandaule. Malo anuwo ndiziwasesa m'mawa uliwonse, ngati manda a bambo anga."

Anthu anaseka. Ine ndinabwereza kuti ukubwera. Ndanena pamaso pa anthu, Yidir.

Tsono za France. Mwalimu, apa mulembe mosathamanga. Ndakhala ndikumanga nsapato kumapazi a anthu moyo wanga wonse, ndipo munthu akamamangidwa nsapato amalankhula. Chimene amabwerera kuno ndikuchidziwa. Munthu wa ku Marrakech amadzuka m'mawa, kukwera padenga, kuona phiri layera. Amatsika n'kuuza mkazi wake kuti, "Kulunga mkate." Saima pamzere kupempha mzungu chilolezo. Amalongeza ana, agogo, mbaula ndi mphika wa ndiwo wa tajini m'galimoto imodzi. Agogo amakhala pa bulangete n'kumamwa tiyi, akuona mdzukulu akugwa ndi kudzuka. Madzulo onse amakagona kwawo. Ku France kwakoko agogo amapita nawo? Mwana akagwa amamutola ndani?

Pali dokotala wina wa maso wa ku Rabat. Anatsetserekapo ku Swizalandi, koma chaka chilichonse amabwera kwa ine. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Kumeneko amandidziwa ndi pasipoti. Kuno inu mumadziwa kuti phazi langa lamanzere ndi lalikulu." Zoona, chingwe chathu chimaima. Chikaima pamakhala nyulu, ndipo nyulu sinayambe yathima magetsi.

Iwe unaphunzira pa matabwa a mgolo amene ndinakusemera ndi manja anga. Unkatsika phiri lija ngati mwala woponyedwa, alendo n'kumakujambula. Lero mwana wako akaphunzitsidwe ndi mlendo, agogo ake ali moyo?

Wati ndipume. Munthu amapuma pa chimene wasiyira mwana wake. Pa chimene walandidwa palibe kupuma.

Kumwamba kudakali mbee, koma usiku kwayamba kuluma. Yankha msanga.

Bihi


Casablanca, 9 Disembala

Apongozi anga,

Ndakupatsani moni ndi ulemu wonse, inu ndi amayi. Mulungu apoletse mwendo wanu. Ndine Nezha. Ndikulemba ndekha, bambo a Salwa sakudziwa.

Chilandirire kalata yanu mwana wanu sakudya bwino. Amangokhala pakhonde n'kumasuta, chinthu chimene anasiya Salwa atabadwa. Ndilankhula mosabisa, mundikhululukire ngati ndalumpha malire.

Ine ndikuona ngati mukufuna kumubweza kumudzi. Akabwera chaka chino, chaka chamawa mudzamuitananso, kenako mudzati ntchito ya mu ofesi asiye, azimanga anthu nsapato. Anavutika kuti afike pamene alipa, ndipo inu munavutika naye. Ulendo wa ku France si kunyada. Kuofesi kwawo amamutcha "wa nyulu" akakhala kuti watuluka. Akuluakulu ake amapangana za kukweza anthu pantchito ali kumapiri komweko, akumwa khofi, ndipo amene sapita nawo amaiwalika. Inenso, ndinene zoona, ndinkafuna kukwera ndege kamodzi m'moyo wanga.

Malo anuwo sindikuwanyoza. Ndikudziwa kuti anadyetsa mwamuna wanga. Koma ndiuzeni chenicheni: pa moyo wake mukufunapo gawo lalikulu bwanji? Ndikadziwa, ndidziwa cholankhula naye.

Mpongozi wanu,
Nezha


Tawrirt, 14 Disembala

Mayi a Salwa,

Mtendere ukhale pa inu ndi pa makolo anu. Mwalankhula zoona zanu, ndipo munthu wotero sindimukwiyira.

Moyo wake sindikuufuna. Ndikufuna m'mawa umodzi. Aime kuyambira kutuluka kwa dzuwa mpaka swala ya masana, kenako avule jasi yanga abwerere ku ofesi yake. Masiku otsatira lamulo limalola wina kugwira ntchito m'malo mwanga, ndipo mwamuna wa mwana wanga wamkazi wavomera kale. Chaka chamawa mwendo udzakhala utapola, ndidzaima ndekha ngati kale.

Akamutcha wa nyulu, asawerame. Nyulu imeneyo ndi imene inamutsitsira ku sukulu.

Chipale chimakonda kubwera kumapeto kwa Disembala, nthawi yomweyo ana atatsekera. Akhwangwala atsika kale kuchokera pamwamba, mtedza chaka chino unali wa makoko okhuthala, ndipo fupa langa lothyokali limawawa madzulo alionse. Chibwera. Ndikukulonjezani kuti Salwa adzatsetsereka. Mwalimu akuti za kumwamba salonjeza, ndinene kuti Mulungu akalola. Ndawauza alembe zonse ziwiri.

Ndege yanu ndikudziwa kuti ndikukulandani. Ndilibe chokubwezerani. Ndili ndi chipinda chofunda, uchi, ndi amayi a Yidir amene adzakusamalirani ngati mwana wawo.

Chibadwire sindinapempheko munthu. Lero ndikupempha mpongozi wanga, ndipo mwalimu akumva. Mumubweretse.

Bihi


Casablanca, 19 Disembala

Bambo,

Ulendo wa ku France taulepheretsa. Nezha ndi amene wanena kuti tibwere kwanu. Tifika Loweruka pa 24, ndipo tibwerera pa 1 Januwale, poti mawa lake ndi ntchito ndi sukulu. Masiku ndili nawo ndi amenewo basi. Salwa wauza kalasi yonse kuti agogo ake ali ndi phiri.

Yidir


Casablanca, 3 Januwale 1995

Bambo anga,

Moni kwa inu ndi kwa amayi. Tinafika bwino. Ndikulemba ndili ku ofesi, mafailo ali mulu patsogolo panga, koma sindingagwire kanthu ndisanalembe kalatayi.

Sabata ija inatiwawa tonse. Phiri lofiirira ngati msana wa ng'ombe, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo. M'mawa uliwonse Salwa ankathamangira pazenera, n'kubwera kwa inu: "Agogo, chipale chili kuti?" Inu n'kumati, "Chili m'njira, mayi, chikumanga nsapato." Tsiku lina ndinamupeza atavala matabwa otsetserekera pabwalo, akudzikankha pa timiyala. Assu akudutsa n'kumafuula kuti, "Bwana a inshuwalansi, chilala simuchilipira?" Ndinkangoseka nawo. Ndinkaganiza za anzanga ali ku France, ndi za Nezha atakhala pa mbaula ndi amayi osadandaula ngakhale kamodzi.

Lamulungu ndikulongeza katundu, munandiitana.

"Khala mpaka Lachisanu. Mphepo yatembenuka."

"Bambo, za mphepo mwakhala mukunena chifikire changa."

"Ndiye pita. Ukapepese kwa Afalansa ako kuti unachedwa."

Pamenepo ndinanena mawu aja, oti musandiitanenso chifukwa cha phiri limeneli. Ndinatuluka osapsompsona dzanja lanu. Amayi anandithamangira ndi mkate, ine galimoto nditailiza kale.

Titadutsa tauni ya Settat, Nezha anatembenukira kwa ine. Anati, "Ine ndataya ndege, sindinatukwane munthu. Iwe wataya chiyani?" 

Mawu aja ndawabweza, Bambo. Afafanizeni. Dzulo ndinalowa kwa bwana n'kumuuza zonse, za mwala wofiira ndi za Assu. Ndinkayesa aseka. Anangoti nayenso bambo ake anali ndi malo ogulitsira nsomba ku Safi, ndipo tsiku limenelo likafika ndingopita. Ndagula maunyolo omanga kumatayala. Jasi ndi nsapato zili m'galimoto, thanki ndadzaza.

Chipale chikangoyamba kugwa, mwalimu apite ku hotela akandiimbire lamya, ku ofesi kapena kunyumba. Manambala ndalemba pansipa. Ndikanyamuka nthawi yomweyo, dzuwa lidzatuluka ndili pamalo. Pa ichi munanena zoona: phiri lapafupi munthu amalipitira tsiku limene layera, osati tsiku limene analemba pa kalendala. Ndikanakhala ku France sindikanatha kukulonjezani zimenezi.

Chonde musayese kuima nokha. Ndikukudziwani. Mungondiimbira.

Mwana wanu,
Yidir


Tawrirt, 18 Januwale

Mwana wanga Yidir,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa iwe, pa mayi a Salwa ndi pa mwana. Kalata yako yafika dzulo. Mwalimu andiwerengera, ndipo ndinawauza abwereze.

Inakhala ku sitolo ya kuchigwa, kumene makalata athu amadikira tsiku la msika. Lachiwiri la sabata yatha palibe amene anatsika. Mitambo inali itaunjikana pamwamba, ndipo aliyense wa malo ankaopa kuti chipale chimupeza ali kumsika. Kalata yako inagona pashelefu pakati pa sopo ndi makandulo, ife tikuyang'ana kumwamba.

Chinayamba kugwa Lachisanu, anthu akutuluka mu mzikiti. Mwalimu anabwera molunjika kwathu, chipale chili m'ndevu.

"A Bihi, nambala ya ku ofesi kwake ili pamwamba pa mapepala amene amalembera. Ndipite ku hotela ndikamuimbire?"

"Mwana anati ndisamuitanenso."

"Anali atakwiya."

"Inenso ndinali nditakwiya, koma zimene ndinanena ndimazikumbukira. Mawu a mwana wanga sindiwayesa mphepo."

Amayi ako anandigwira phazi labwinoli, akulira. Anati ndine mwala, anati ndidzafa ndi khosi louma ngati bambo anga. Ndinawauza akonze jasi.

Loweruka kutacha, mwala wofiira sunkaoneka. Anandigoneka pa chitseko cha khola, amuna anandisenza mpaka pamalo. Anthu atationa ankayesa maliro. Akuluakulu a gulu anabwera, anayang'ana chikhakha chimene amayi ako anachikulunga ndi chikopa cha mbuzi, anayang'anana. Mmodzi anati, "A Bihi, zimenezi n'zoona?" Ndinati, "Ndiimikeni, kenako chotsani manja." Anandiimika pa mwendo umodzi ndi ndodo ziwiri zotsetserekera, matabwa anga atawafola kumbuyo kwanga.

Poyamba zinali bwino. Ndinapatsa anthu moni. Magalimoto a ku Marrakech anayamba kufika, odzaza ana ndi mbaula, monga ndinakuuzira. Mayi wina amene ndinamuphunzitsa ali kamtsikana anabwera ndi ana ake, anandipsompsona paphewa. Dzuwa litakwera kuseri kwa mitambo kunayamba kufika magalimoto a manambala a ku Casablanca. Anamva pa wailesi, ananyamuka m'bandakucha, msewu unali wotseguka. Sindinakuitane, koma galimoto iliyonse yoyera ngati yako ndinkaitsata ndi maso mpaka itaima. Zimenezi mwalimu alembe, sindikuzibisa.

Kenako mphepo inabwera. Mwendo wabwinowo unayamba kunjenjemera, manja sindinkawamvanso. Assu anachoka kumapeto kwa mzere wa matabwa, kumene odikira amakhala, anabwera pafupi.

"A Bihi, khalani pansi. Mufa."

"Ndi zimene mukudikira, eti?"

"Ndikufuna malo, sindikufuna maliro. Khalani pansi, mdala wamakani inu."

"Bwererani kumapeto kwanu."

Sanabwerere. Anaima kumbali kumene kunkachokera mphepo, atatambasula jasi yake, osandikhudza. Akuluakulu anaona, anamuleka.

Dzuwa silinkaoneka, choncho nthawi inali pa wotchi ya mwalimu. Ndinawaona ataima pakhomo pa kamzikiti ka pamalo oimika magalimoto. Anthu anawazungulira. Ndinamva wina akuti, "Itanani basi, mwalimu. Mtambo wotere adziwa ndani?" Iwo anati nthawi ndi ya Mulungu, si ya a Bihi. Akulemba zimenezi misozi ikugwera papepala, koma ndawauza kuti anachita bwino. Akanaitana nthawi isanakwane, malo amenewo ndikanawadyera chiyani?

Bondo linapinda lokha. Sindinalilole, linangopinda. Ndinagwera kumbali ya chikhakha, ndipo ndinamva fupa likusuntha mkati. Kuitana kwa swala ndinakumva ndili chigonere, nkhope ili m'chipale, anthu akukoka chitseko chija. Panatsala pang'ono, akutero onse. Pang'ono sipawerengedwa.

Ku Marrakech andimanganso chikhakha, ndabwerako Lolemba. Dokotala wakalipa kwambiri. Wati mwendo udzafupika, ndipo pa chipale sindidzaimanso. Assu anafola matabwa ake pamalo pathu Lamulungu m'mawa. Anabwera kudzandiona madzulo ake, ine ndili kuchipatala, anangoima pakhomo n'kusiyira amayi ako dengu la makala.

Usabwere kudzakangana ndi gulu. Palibe amene wandibera. Usalembenso zopepesa. Unabwera, unadikira, unagula maunyolo. Ndamva. Za mafuta ndi shuga ukambirane ndi amayi ako, ine ndikhala ngati sindikumva.

Koma chipale ndi chabwino, Yidir. Chouma, chofika m'maondo, chotere sindinachione zaka zambiri, ndipo sichikhalitsa. Ndinalonjeza mayi a Salwa, ndipo ili lokha ndingathe kulisunga. Mubwere Loweruka. Mukatsika galimoto umupatse Assu moni ngati munthu, kenako mudutse. Mwanayo umuphunzitse iwe: maondo opinda, maso kutsogolo, akagwa usathamangire kumudzutsa. Ine andikweza padenga la nyumba, pamene pamaoneka potsetserekera ponse. Maso anga sasiyanitsanso ana patali, ndiye mumuveke chofiira.

Bambo ako,
Bihi